Thanthwe lopanda ntchito n'la yani?

Ku Chipata mwala ndi malonda. M'mphepete mwa misewu, kuyambira ku Kapata mpaka kumakomboni a m'tsinde mwa mapiri, munthu salephera kuona milu ya miyala yophwanyaphwanya, ina yogulitsa pa wilibala, ina yodikira lole. Ophwanya ambiri ndi amayi, nyundo kumanja, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka. Chipata adalandira ulemu wotchedwa mzinda mu 2017 ndipo akukulirakulira, tsono nyumba iliyonse yatsopano imafuna miyala ya maziko ndi ya konkire. Miyalayo siichokera kutali. Mzindawu udakhala m'chigwa, mapiri atauzinga uku ndi uku, lodziwika kwambiri n'kukhala la Kanjala, ndipo chaka ndi chaka nyumba, minda ndi mauvuni a makala zikukwera m'mapirimo.

Wina akadandaula, yankho limabwera msanga: pamwala salimapo, ndi malo a anyani ndi abuluzi, nanga tizingowayang'ana? M'yankho limeneli muli chiphunzitso, ngakhale olinena sachitchula. Chiphunzitsocho n'chakuti chinthu chimalemekezeka molingana ndi zomwe chimapatsa munthu, ndipo chomwe sichidyetsa munthu chilibe mwini, wochiwononga alibenso mlandu. Nkhaniyi si ya akatswiri a zomera okha. M'dziko la Zambia, lomwe Pulezidenti Frederick Chiluba adalengeza kuti ndi lachikhristu pa 29 Disembala 1991, m'chigawo cha Kum'mawa chomwe miyambo ya Kulamba ndi Nc'wala imasonkhanitsa anthu zikwizikwi kukumbukira makolo, iyi ndi nkhani ya chikhulupiriro. Kodi Namalenga adalenga malo otsalira, opanda cholinga, oti aliyense achite nawo zomwe wafuna?

Woyankha funsoli ayambe wakwera n'kukaona zomwe zili pathanthwepo.

Matanthwe oyalana omwe ali mbwee kuchokera ku Katete ndi Chadiza, kudutsa Chipata ndi Mchinji mpaka ku Dedza, ndi malo ankhanza. Masana a mu Okutobala mwala umatentha kupitirira madigiri 50. Mvula ya ku Chipata, yomwe pachaka imakwana mamilimita pafupifupi 1,000, ikagwa pamwala siigona. Imatsetsereka, ndipo pakapita maola owerengeka pauma gwaa. Dothi palibe. Komabe kuda kapena kutuwa komwe maso amaona pathanthwe si mtundu wa mwalawo ayi. Ndi ndere ndi tizamoyo tina tating'onoting'ono tomwe tidaukuta n'kumaudya pang'onopang'ono. Fumbi ndi zinyalala zikaunjikana pakadzenje, pamamera kaudzu kolimba kotchedwa Coleochloa setifera, komwe mizu yake imalukanalukana n'kupanga chiphasa chomatirira pamwala. Chiphasacho ndiye munda wa zina zonse. Kuti chikhuthale masentimita ochepa chabe pamapita zaka zambirimbiri, koma munthu wa khasu angathe kuchikanganula m'kamphindi.

Apa m'pamene pamamera zomera zodabwitsa koposa m'dera lonse lino. Pali kachitsamba kolekeza m'mawondo kapena m'chiuno, kotchedwa Myrothamnus flabellifolius, komwe m'chilimwe munthu angakayese nkhuni: masamba opinda, ofiirira, othetheka ukawagwira. Mvula yoyamba ikagwa, kapena wina akathyola kanthambi n'kukaviika m'kapu ya madzi, masamba aja amatambasuka n'kubiriwira tsiku lisanathe. Ashona a ku Zimbabwe amakatcha mufandichimuka, ndipo asing'anga a kum'mwera kwa Africa akhala akuchiza nako chifuwa ndi chimfine kuyambira kale. Palinso mitundu ya Xerophyta, yomwe ku Mulanje amaitcha cheyo n'kumapangira timatsache ndi zokwechera miphika. Iyi ili ndi njira yakeyake. Chilala chikafika, imaphwasula dala zobiriwira za m'masamba ake kuti dzuwa lisaipsereze ilibe madzi, n'kusanduka yotuwa. Madzi akabwera imazimanganso m'masiku awiri kapena atatu, posakhalitsa n'kuchita maluwa. Zomera zoterezi zimatha kutaya madzi 95 pa 100 alionse a m'thupi mwake koma osafa, pomwe chimanga chimafa chisanataye n'theka lomwe. China chomwe chimazipulumutsa ndi shuga. Madzi akamachoka, m'maselo mumadzaza shuga yemwe amalimba n'kugwira zam'katimo kuti zisaphwanyike mpaka mvula idzabwerenso.

Akatswiri awiri a ku Germany, Stefan Porembski ndi Wilhelm Barthlott, omwe mu 2000 adatulutsa buku lalikulu lonena za mapiri amiyala oterewa, adapeza kuti mwa mitundu yoposa 300 ya zomera zamizu zomwe zinkadziwika nthawi imeneyo kuti zimauma n'kutsitsimukanso, pafupifupi 90 pa 100 iliyonse imapezeka pamatanthwe. Kuchotsa matanthwe ndiye kuzichotsa pa dziko.

M'ming'alu muli enanso. Mikuyu ndi akachere a pamwala amatsitsa mizu mamita ambiri kulondola chinyezi, mpaka kuung'amba mwalawo. Msetanyani umaima ndi khungwa lake loyera, loterera. Alovera wa m'tchire wotchedwa Aloe chabaudii amachita maluwa ofiira m'miyezi yozizira, nthawi yomwe njuchi ndi timbalame tilibe kwina kodya. Kunsi kwa thanthwe, komwe madzi onse otsetsereka amakathera, mitengo imakula kuposa ya m'tchire loyandikana nalo.

Chomwe chidasunga zonsezi mpaka lero si chifundo cha munthu. Khasu lidalephera, ng'ombe zidalephera kukwera, ndipo koposa zonse moto udalephera. Lupsa, lomwe kuno Kum'mawa nthawi zambiri amayambitsa ndi osaka mbewa, limanyambita tchire chaka chilichonse kuyambira mu Ogasiti, koma likafika pamwala wopanda udzu limazima. Mphamvu ya moto pa tchire idayesedwa m'dziko lomwe lino. Ku Ndola, kuyambira mu 1933, a zankhalango adapatula timagawo ta tchire la miombo: ena ankawatentha kumayambiriro kwa chilimwe, ena kumapeto, ena osawatentha n'komwe. Katswiri Colin Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zidaoneka kuti moto wa mochedwa umapha miombo n'kusiya mitengo yokhayo yopirira moto, pomwe m'magawo otetezedwa mudabwerera mitengo ndi zilambe za msitu wothithikana. Thanthwe limagwira lokha ntchito yomwe a ku Ndola ankagwira ndi manja. Mitengo yoopa moto imabisala kuseri kwa miyala, ndipo mbalame, mileme ndi anyani zikadya zipatso zake zimakamwaza njere m'tsala ndi m'makwawa. Tchire lopsa limaphukanso chifukwa mbewu zake zidasungidwa kuphiri.

Anthu nawonso adathawirako, ndipo wa ku Chipata sangaiwale zimenezi popanda kuiwala agogo ake. Katswiri wofukula zakale David Phillipson, pofukula mapanga a Makwe, Thandwe ndi Kalemba m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, adapeza kuti ku Kalemba, m'boma la Chadiza, anthu adayamba kukhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pamakoma a mapanga a m'derali pali zojambula zofiira zomwe amati ndi za Akafula, ndi zoyera za Achewa, za chinamwali ndi za Nyau. Angoni atawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo Angoni a mfumu Mpezeni atadzakhazikika kuno patapita zaka makumi angapo, midzi yambiri ya Achewa idasamukira m'mapiri, kukabisa ana ndi mbewu m'mapanga. Ku Chongoni, ku Dedza, komwe bungwe la UNESCO lidakuvomereza mu 2006 ndi malo 127 a zojambula, mapanga adasunganso miyambo yomwe amishoni ndi boma la atsamunda ankaipondereza. Chaona mnzako chapita: mu Januwale 1898 asilikali a Britain atabwera ndi mfuti zamakina, Angoni nawo adathawira m'mapiri, Mpezeni yemwe ali m'gulumo, ndipo mwana wake Nsingo adaphedwa mwezi wotsatira. Mchewa ndi Mngoni wa ku Kapata lero onse ndi zidzukulu za anthu omwe mwala udawabisa.

Makolo a Achewa sankaona mwala ngati malo otsalira. Chilengedwe chenichenicho adachiika pamwala. Nthano ya Kaphirintiwa, kaphiri ka m'nkhalango ya Dzalanyama, imati Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, thanthwe likadali lofewa, mwakuti mapazi awo adadindika pomwepo, pamodzi ndi zizindikiro za khasu, lichero ndi mtondo. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe munthu adapekesa timitengo tiwiri n'kubutsa moto. Tchire lidapsa. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, njovu ndi mkango zidathawa zili ndi mkwiyo, birimankhwe adakwera mumtengo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, n'kulamula kuti munthu azifa. Nthanoyi ndi yolemera kuposa momwe ambiri amaimvera. Tchimo loyamba m'maganizo a makolowa silidali kuba kapena chigololo. Lidali luso lopanda malire, moto womwe mwini wake adalephera kuuimitsa, ndipo mtengo wake udali kuthawa kwa Mulungu. Munthu akadziwa kuti thanthwe ndi malo omwe lupsa silifikako, amamvetsa chifukwa chomwe akachisi a mvula adatsamira pamapiri amiyala, kaya ku Bunda pafupi ndi Lilongwe, kaya ku Njelele m'mapiri a Matobo ku Zimbabwe.

Manda amatsimikiza mfundo yomweyo. Woyenda pa msewu wa Great East pakati pa Katete ndi Chipata amaona minda yoyera mbee, kenaka kamsitu kobiriwira ka mitengo yachilengedwe, ndipo sachita kufunsa kuti pamenepo pali chiyani. Nkhwangwa siilowa kumanda chifukwa cha mantha ndi ulemu. Mapiri adasungidwa ndi zinthu ziwiri, kuuma kwa mwala ndi kuopa mizimu, ndipo zonse ziwiri zatha mphamvu. Mwala wagonja kwa nyundo, moto wong'ambira miyala ndi makina. Mantha adachepa chifikireni Uthenga Wabwino, womwe amishoni a Dutch Reformed adayamba kulalika ku Magwero pa 5 Julaye 1899. Palibe chifukwa cholirira mantha amenewo, pakuti ena mwa iwo ankamanga anthu ukapolo. Koma mpingo utachotsa mantha, udayenera kuikapo china m'malo mwake, ndipo pa nkhani ya mapiri sudaikepo kanthu kokwanira.

Chikhalirecho m'Baibulo zoikapo zilimo zambiri. Alaliki amakonda mutu woyamba wa Genesis, pomwe munthu akupatsidwa ulamuliro pa zolengedwa, n'kudumpha mutu wachiwiri, pomwe ntchito yake m'munda ndi iwiri, kulima ndi kusunga. Fanizo la wofesa mbewu, pa Marko 4, nalonso lidalowa molakwika m'makutu a alimi, ngati kuti pamwala ndi malo otembereredwa. Fanizolo likunena za mbewu ya m'munda yogwera pomwe si pake, silikuweruza cheyo yemwe pamwalapo ndi kwawo. Salimo 104 limatchula matanthwe kuti ndi pothawira mbira, ndipo likutero poyamika Mlengi, osafunsa kuti mbirayo ithandiza yani. Koma mawu olasa kwambiri ali pa Yobu 38. Yobu wataya ana, chuma ndi thanzi, akufuna kudziwa chifukwa chake, ndipo pakati pa mafunso omwe Mulungu akumubwezera pali lonena za mvula yomwe imagwa kuchipululu kopanda munthu, kuti udzu umere komwe palibe woudya kapena wouona. Mlimi anganene kuti mvula imeneyo yapita pachabe. Buku la Yobu likuti ayi: pali zolengedwa zomwe Mulungu amazisamalira pa zifukwa zake, munthu asali pakati. Papa Francis adabwereza mfundoyi m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015, kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wakewake pamaso pa Mulungu, osati wongochokera ku phindu lomwe munthu amapeza. Asilamu a ku Chipata, omwe mizikiti yawo ndi gawo la nkhope ya mzindawu, alinso ndi mwambo wa hima, malo opatulidwa oti asalimidwe kapena kudulidwa mwachisawawa, ndipo Mtumiki Muhammad adapatula malo otere ku al-Naqi pafupi ndi Madina.

Ena amayesa kuteteza matanthwe ndi mfundo ya phindu, ndipo mfundoyo ndi yoona. Pulofesa Jill Farrant wa pa University of Cape Town watha zaka zambiri akufufuza Xerophyta ndi Myrothamnus, kufuna kudziwa ngati luso lawo lopirira chilala lingadzutsidwe m'mbewu za m'munda. Aliyense amene adaona chimanga chikupsa mu 2024 akudziwa kulemera kwa kafukufuku ameneyu. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni a chimanga atawonongeka. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Kachitsamba konyozeka ka pamwala kangadzakhale ndi yankho lomwe minda ikulisowa.

Komabe phindu lokha ndi mlonda wosadalirika. Mtengo wa mukula udakhala mwamtendere m'mapiri amiyala a Zambia kwa zaka mazana, mpaka pomwe amalonda adadziwa mtengo wake ku China. M'zaka zochepa udadulidwa mwakuti mu 2019 udaikidwa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyenera kuyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko. Mkungudza wa ku Mulanje udatsala pang'ono kutheratu pa chifukwa chomwecho, kudziwika kuti ndi wa ndalama. Ndipo ngati cheyo apulumuka chifukwa asayansi akumufuna, nanga kandere ndi kaudzu komwe palibe amene adzakafune? Mfundo ya phindu imasiya munthu akadali woweruza yekha wa zomwe ziyenera kukhala ndi moyo, ndipo mawa akapeza phindu lalikulu m'kuphwanya, adzaphwanya ndi mtima woyera. Chomwe chingasunge thanthwe ndi kuvomereza kuti lili ndi mwini wina, ndipo munthu ndi wongosungira.

Apa m'pamene mayi wophwanya miyala ali ndi ufulu wofunsa kuti, tidye chiyani? Funsoli ndi lolungama, ndipo chiphunzitso chilichonse chomwe chingamuyankhe ndi ulaliki wokha n'chachabe. Iye amapuma fumbi tsiku lonse kuti apeze ya ufa ndi sopo, ndipo ndalama yaikulu imapita kwa wa lole ndi womanga. Lamulo la pa Levitiko 19 limathandiza kuona pomwe udindo uli. Lamulolo lidaletsa kukolola mpaka m'mphepete mwa munda, kuti osauka ndi alendo azikunkha, ndipo womangidwa nalo adali mwini munda, osati wokunkha. Udindo wosiya gawo losakhudza umagwera amene ali nazo: kontirakitala wogula miyala yotsika mtengo osafunsa komwe yachokera, ogawa mapuloti pamalo otsetsereka, wa bizinesi ya makala, ngakhalenso mpingo womanga tchalitchi chachikulu. Mzinda sungamangidwe popanda mwala, n'zoona. Koma kukumba pamalo amodzi osankhidwa bwino n'kosiyana ndi kusenda phiri lililonse paliponse. Ndipo phiri likasendedwa, oyamba kulipira ndi osauka omwewo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza ku Blantyre, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche, lomwe mitengo yake idali itatha ndipo nyumba zitakwera, zidakwirira mabanja ku Chilobwe usiku. Makomboni a m'tsinde mwa mapiri a Chipata sali kutali ndi chithunzi chimenecho.

Pali gulu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi, la opita kuphiri kukapemphera. Ku Zambia ndi ku Malawi konse, Akhristu amakwera mapiri kukasala kudya ndi kuchezera m'mapemphero, ndipo chikhumbo chawo n'choyenera ulemu. Akutsata njira ya Mose, Eliya ndi Yesu yemwe. Koma m'malo ambiri otere mumatsala zipsera: chiphasa cha udzu chokanganulidwa kuti pakhale pogwada, tizitsamba touma tothyoledwa kukolezera moto wa usiku, mavesi a penti pamwala, mabotolo apulasitiki m'ming'alu. Tizitsamba timeneto nthawi zambiri sitikhala takufa. Wopemphera amatha kusonkhezera pamoto chomera chamoyo chomwe chikungodikira mvula, mwina chakale kuposa agogo ake, uku akuyamika Mlengi wake. Sachita dala, palibe adamuuza. Anthu amenewa amalidziwa phiri kuposa ofesala aliyense, ndipo m'busa mmodzi atawaonetsa kanthambi kouma kakutambasuka m'kapu ya madzi, angasanduke alonda abwino koposa omwe mapiri a Chipata angapeze.

Njira za lamulo zilipo kale. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'dera, mfumu yawo ikavomereza, kulembetsa gulu loyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo kudzera mu uchi, bowa, masuku ndi mankhwala. Bungwe la National Heritage Conservation Commission lili ndi mphamvu yoteteza malo ngati Thandwe. Chosowa ndi chigamulo cha anthu, chonena poyera kuti thanthwe lakutilakuti silikhudzidwa, osati chifukwa nyundo yalephera koma chifukwa eni dera akana. Mafumu a pansi pa Mpezeni wa Angoni ndi Gawa Undi wa Achewa, khonsolo ya mzinda wa Chipata, abusa, ansembe ndi mashehe akhale pansi, amayi ophwanya miyala ali pomwepo, asankhe malo okumba ndi malo osiya, ndipo mndandandawo ulembedwe mapuloti ena a m'phiri asanagawidwe.